Dontho la Madzi, Dontho la Palafini

Tengani chivundikiro chakale cha pulasitiki, chouma bwino, ndipo mukhale kutali ndi mbaula. Mudonthezepo dontho limodzi la madzi, pambali pake dontho la mafuta ophikira, kenako dontho la palafini. Madzi aima chilili, ozungulira ngati kamkanda. Mafuta afalikira pang'onopang'ono, mwaulesi. Palafini sachedwa: nthawi yomweyo wayala ponseponse, ndipo fungo lake lakufikani kale m'mphuno.

Zonse zitatuzi n'zamadzimadzi, ndipo ziwiri mwa izo, madzi ndi palafini, simungazisiyanitse ndi maso zikakhala m'botolo. Koma khalidwe lawo n'losiyana kutalitali, ndipo kusiyanaku n'kumene kumachititsa ngozi zingapo zimene timaziona m'makomo muno mu Ndirande: manja osambidwa koma osayera, poto wa mandasi amene wasanduka malawi, ndiponso mwana amene wamwa za m'botolo la zakumwa n'kuyamba kubanika. Malangizo a ngozi zimenezi ambiri tinawamvapo ku sikelo kapena pa wailesi. Vuto n'lakuti lamulo limene munthu sadziwa chifukwa chake limathawa m'mutu nthawi ya mantha, iye n'kuchita zimene anaona agogo ake akuchita. N'chifukwa chake ndikufuna tione kumene malangizowa amachokera.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi timibulu tating'onoting'ono tosaoneka ngakhale ndi makina oonera tizilombo a kuchipatala. Akatswiri a sayansi amatitcha mamolekyu. Timibuluti timakokana. Pamene tikukokana mwamphamvu mpaka kalikonse kukhala pamalo pake osasuntha, ngati njerwa pakhoma, chinthucho chimakhala cholimba. Pamene tikukokana komabe n'kumatha kudutsana, ngati anthu mumsika wa Ndirande pa mapeto a mwezi, okhudzanakhudzana koma aliyense akuyenda, chinthucho chimakhala chamadzimadzi. Kutentha kukachuluka, timibuluti timagwedezeka kwambiri mpaka kulekana, kalikonse n'kulowera kwake, ndipo chinthucho chimasanduka mpweya kapena nthunzi. Amene anayamba kufotokoza bwino za kukokanaku ndi Johannes van der Waals wa ku Netherlands, munthu amene anayamba ngati mphunzitsi wa ana asukulu. Analemba zimenezi mu 1873 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1910.

Madzi ndi apadera. Molekyu iliyonse ya madzi ili ndi okosijeni mmodzi ndi mahaidirojeni awiri, ndipo mphamvu ya magetsi sinagawanike mofanana mkati mwake: mbali ya okosijeni ili ndi mphamvu ya mtundu wina, mbali ya haidirojeni ya mtundu winanso. Zili ngati timaginito. Mutu wa kamodzi umakoka mchira wa kanzake, ndipo molekyu imodzi imatha kugwirana ndi zinzake mpaka zinayi. Kugwirana kumeneku, kumene m'mabuku a sayansi amati hydrogen bond, n'kumene kunachititsa dontho lija kuima ngati mkanda. Mamolekyu a pamwamba amakokeredwa mkati ndi anzawo, choncho pamwamba pa madzi pamakhala ngati pakungika kachikopa. Singano yoikidwa mosamala imatha kuyandama pa kapu ya madzi chifukwa cha kachikopa komweko.

Petulo, palafini ndi phula la kandulo ndi a banja lina. Onsewa amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, ndipo mamolekyu awo ali ngati timaunyolo ta kaboni ndi haidirojeni, topanda mutu kapena mchira wa maginito. Amakokana ndithu, koma mofooka, ndipo mphamvu yake imadalira kutalika kwa unyolo. Ganizirani tizidutswa ta ulusi: tatifupi timauluka ndi kamphepo kalikonse, koma zingwe zazitali zimapotana n'kugwirana. A petulo ndi aafupi, n'chifukwa chake amauluka msanga. A palafini ndi otalikirapo. A phula ndi aatali kwambiri moti amagwirana n'kulimba, mpaka moto wa chingwe cha kandulo uwasungunule. Mafuta ophikira nawo mamolekyu ake ndi aakulu, a michira itatu yaitali, n'chifukwa chake amayenda mwaulesi. Michira ya mafuta a nyama ndi yowongoka, imasanjikizana bwino ngati mtolo wa nkhuni, ndipo mafutawo amaundana poto akazizira. Ya mafuta a mpendadzuwa kapena a soya ndi yopindika, siisanjikizika, choncho amakhalabe amadzimadzi ngakhale mu June.

Tsono madzi ndi mafuta sasakanikirana. Sikuti amadana. Kungoti mamolekyu a madzi agwirana okhaokha mwamphamvu moti a mafuta sapeza polowera, ndipo amakankhidwira pambali. Mchere ndi shuga zimasungunuka mosavuta chifukwa zili ndi mbali zimene timaginito ta madzi tingagwire. Mchere ndi wolimba kwambiri, kuti usungunuke ndi moto wokha pamafunika madigiri 801, koma m'kapu ya madzi ozizira umatha m'mphindi zochepa, chifukwa mamolekyu a madzi amazinga kachidutswa kalikonse n'kukachotsa pa anzake. Umu ndi mmene paketi ya Thanzi imasungunukira mu lita imodzi ya madzi.

Sopo ndi mkhalapakati

Khungu la munthu limatulutsa mafuta akeake. Onjezanipo a ndiwo, a mandasi, odzola, ndi thukuta la anthu ena limene lili pa ndalama ndi pa zitseko za minibasi. Dothi ndi tizilombo toyambitsa matenda zimamatirira m'mafuta amenewa, makamaka m'mizere ya m'manja ndi m'zikhadabo. Mukathira madzi okha, amangodutsa pamwamba monga amachitira pa tsamba la nthochi. Manja anyowa, koma mafuta aja ali pomwepo ndi katundu wawo.

Molekyu ya sopo ili ndi mbali ziwiri. Mutu wake umagwirana ndi madzi, mchira wake wautali umalowa m'mafuta. Mukamatikita manja, michira ija imabaya mafutawo, kuwagawa timadontho ting'onoting'ono, ndipo kadontho kalikonse kamazingidwa ndi mitu yoyang'ana kunja. Madzi akabwera amagwira mituyo n'kunyamula zonse. Sopo amafooketsanso kachikopa ka pamwamba pa madzi kaja, motero madzi amalowa m'timing'alu ta khungu m'malo moima ngati mikanda. Apa pali mfundo ziwiri zimene anthu amaziphonya. Yoyamba, ntchitoyi imafuna nthawi: kutikita kwa masekondi osachepera 20, kuseri kwa manja, pakati pa zala ndi m'zikhadabo. Yachiwiri, sopo wamba ntchito yake yaikulu si kupha tizilombo koma kutinyamula, ndiye madzi otsukulutsira ayenera kupita kwina. Akagwera mubeseni limene wina asambemonso, zonse zimene sopo wachotsa m'manja mwa bambo zikudikira mwana, amene mwa mwambo wathu amasamba pomalizira.

Ndikudziwa chifukwa chake beseni limodzi silikutha. Madzi ambiri a mumzinda uno amachokera kutali, ku Walker's Ferry mu mtsinje wa Shire, ndipo ambiri a ife timagula pa chigubu, nthawi zina titaima pamzere kuyambira mbandakucha. Munthu amene wasenza ndowa kukwera nayo mtunda wa ku Goliyo sataya madzi mwachisawawa. Koma kuthirirana ndi jagi kapena kapu sikutha madzi ambiri kuposa kudzaza beseni, ndipo mpondagiya wa kachigubu koboola pafupi ndi chimbudzi amatulutsa madzi ochepa zedi. Tisaiwale zimene tinadutsamo. Kolera amene anayamba mu March 2022 anadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno ndi kupha oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. M'dera lothinana ngati lathu, kumene zimbudzi zili pafupi ndi zitsime ndipo mvula ikagwa zonse zimatsetserekera mu Nasolo, kachidutswa ka sopo wochapira si kanthu kakang'ono. Sopo aliyense amagwira ntchitoyi, sayenera kukhala wonunkhira kapena wodula. Akasoweratu, phulusa loyera la pamoto ndi bwino kusiyana ndi madzi okha. Limakwecha, komanso lili ndi mphamvu yomwe ija ya m'chidulo, imene ndi ya mtundu umodzi ndi mankhwala amene opanga sopo amasakaniza ndi mafuta.

Amayi amene amatsuka mbale tsiku ndi tsiku angakonde kumva za Agnes Pockels wa ku Braunschweig m'dziko la Germany. Sanapite ku yunivesite. Ankakhala pakhomo kusamalira makolo ake odwala, ndipo potsuka mbale ankaonetsetsa mmene mafuta ndi sopo zimasinthira pamwamba pa madzi. Anadzipangira kachipangizo koyezera mphamvu ya kachikopa kaja, ndipo mu 1891 zimene anapeza zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature, mothandizidwa ndi katswiri wa ku England, Lord Rayleigh.

Tibwere pa moto. Tonse tinakula tikudziwa kuti madzi amazimitsa moto, ndipo pa nkhuni, makala kapena nsalu n'zoona. Chifukwa mamolekyu a madzi agwirana kwambiri, pamafunika kutentha kochuluka kuti alekane, choncho madzi amayamwa kutentha kwa chinthu choyakacho. Koma pa mafuta oyaka zinthu zimatembenuka. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo kuno kumtunda kwathu amawira asanafike n'komwe pamenepo, cha m'ma 96 kapena 97. Mafuta okazingira mandasi kapena tchipisi amakhala cha m'ma 180, ndipo akafika poyaka okha amakhala atapitirira 300. Mukathira kapu ya madzi m'poto wotero, madziwo sasakanikirana ndi mafuta, komanso ndi olemera kuposa mafuta, ndiye amamira pansi. Kumeneko amasanduka nthunzi m'kuphethira kwa diso, ndipo nthunzi imafuna malo ochuluka pafupifupi ka 1,700 kuposa madzi amene yachokera. Imaphulika n'kuponya mafuta oyaka m'mwamba, kumaso kwa wothirayo, pa chitenje chake, pa denga, ndi pa mwana amene ali kumsana.

Moto wa mafuta umazimitsidwa pouphimba kuti usowe mpweya. Vundikirani poto ndi chivundikiro chachitsulo, mochitsetsereka kuchokera m'mbali, dzanja lili kuseri kwake. Ngati mukuphikira pa magetsi, zimitsani. Musanyamule potoyo kuthamangira naye panja, ndipo musavundukule mpaka atazizira. Mchenga wouma umathandizanso, koma ufa ayi, chifukwa nawo umayaka. Amene mumakazinga zogulitsa, kaya pakhomo kaya pa chiwaya m'mbali mwa msewu, chivundikiro chokwana bwino chizikhala pafupi musanayatse moto. Ndipo mafuta akayamba kufuka utsi, ndiye kuti akuchenjezani.

Chodabwitsa n'chakuti madzi omwewo, oopsa pa poto, ndiwo mankhwala oyamba pa khungu limene lapsa. Khungu limapitiriza kupsa mkati ngakhale moto utachoka, ndipo madzi amayamwa kutentha pafupifupi kawiri kuposa mafuta olemera mofanana. Thirani madzi oyera ozizira, osati oundana, kwa mphindi 20. Mafuta ophikira, odzola, dzira, kapena mankhwala otsukira mano sizichotsa kutenthako, zimangodetsa bala n'kuvutitsa anamwino amene adzalitsuke. Phimbani ndi nsalu yoyera, mufunditse mwanayo kwina konse kuti asazizidwe, ndipo ngati bala ndi lalikulu kuposa chikhatho chake, kapena lili kumaso, m'manja kapena kumaliseche, pitani kuchipatala.

Petulo ndingomutchula mwachidule. Mafuta a galimoto akamasowa, ena amasunga zigubu m'nyumba, makamaka a kabaza wa njinga zamoto. Mamolekyu a petulo sagwirana kwenikweni, amauluka ngakhale kukuzizira, ndipo mpweya wake ndi wolemera kuposa umene timapuma. Sukwera kudenga, umakwawa pansi, n'kukapeza mbaula kapena kandulo m'chipinda china. Moto umabwerera m'njira yomweyo mpaka pachigubu. Petulo sagona m'nyumba mogona anthu.

Mwana akamwa palafini

Apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa apa chikondi cha kholo chimatha kupweteka mwana.

Palafini timagula pang'onopang'ono, wa koloboyi kapena woyatsira makala, ndipo kawirikawiri amathiridwa m'botolo limene munali zakumwa kapena madzi. Botololo limaikidwa pansi, kuseri kwa chitseko kapena pansi pa bedi. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri, amene wayamba kuyenda ndipo ali ndi ludzu la mu October, amadziwa chinthu chimodzi chokha: m'botolo lotere mumakhala zokoma. Amamwa kamodzi kapena kawiri asanamve kuipa kwake.

Zimene ambiri amachita n'zodziwika. Wina amalowetsa chala kukhosi kuti mwana asanze. Wina amathamangira mkaka, wina mafuta ophikira, wina madzi a mchere. Maganizo ake ndi akuti poizoni ali m'mimba ndipo atuluke msanga. Pa palafini maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo chifukwa chake chili pa chivundikiro chija.

Palafini akakhala m'mimba savulaza kwambiri. Thupi silimuyamwa wochuluka, ndipo amatuluka yekha ndi chimbudzi. Kumene amapha ndi m'mapapo. Kukhosi kuli njira ziwiri zoyandikana, ya chakudya ndi ya mpweya. Madzi, pokhala ogwirana, amatsika ngati mtolo umodzi, ndipo kadontho kakasochera munthu amatsamwa n'kukatsokomola. Palafini ndi wopyapyala ndiponso woterera, sagwirana, amayala pa chilichonse chimene wakhudza monga anachitira pa pulasitiki paja. Amatsetsereka mosavuta kulowa njira ya mpweya, n'kufalikira mpaka pansi pa mapapo. Wosakwana n'komwe supuni yaing'ono akhoza kudwalitsa mwana kwambiri.

Mapapo ali ndi timatumba ta mpweya mamiliyoni ambiri, tonyowa mkati. Pakanakhala madzi okha, kukokana kwa madziwo kukanamata timatumbati ngati jumbo yonyowa imene ikukanika kutseguka. Koma thupi limapanga madzi akeake onga sopo amene amafooketsa kukokanako kuti timatumba tizitseguka mosavuta pa mpweya uliwonse. Ana obadwa masiku asanakwane amavutika kupuma chifukwa sopo wa m'mapapoyu amakhala asanapangike mokwanira. Palafini akafika kumeneko amawononga sopo ameneyu ndi kutupitsa mapapo. Timatumba timafwapa, mpweya sulowa m'magazi, ndipo mwana amadwala chibayo chimene sichinabwere ndi kachilombo koma ndi mafuta.

Tsono taonani zimene kusanzitsa kumachita. Palafini anadutsa pakhosi kamodzi potsika, mwina mwamwayi osalowa m'mapapo. Mukamusanzitsa mwanayo, mukudutsitsa palafiniyo pamalo oopsawo kachiwiri, mwana akulira, akubanika, akukoka mpweya mwamphamvu. Mkaka ndi mafuta ophikira sizisukulutsa palafini, zimangodzaza m'mimba n'kuchititsa nseru. Ngakhale makala osinja, amene ena amawakhulupirira pa poizoni, sagwira palafini.

Choyenera kuchita n'chochepa, ndipo n'chifukwa chake chimavuta, pakuti kholo limafuna kuchitapo kanthu. Musamusanzitse. Musamupatse chakumwa kapena chakudya chilichonse. Mutulutseni kumene kuli mpweya wabwino, kutali ndi moto. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi palafini, mumusambitse ndi sopo pamene pakhudzidwa, chifukwa palafini amasungunula mafuta oteteza khungu ndipo amatha kulitupitsa. Munyamuleni chokhala tsonga. Ngati akusanza yekha kapena wafooka, mugonekeni chammbali kuti masanzi atuluke kunja. Kenako pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, kaya pa chipatala chathu cha Ndirande kaya china chimene chili pafupi, ndipo ngati akubanika adzamutumiza ku Gulupu kumene kuli mpweya wa okosijeni ndi madokotala a ana.

Pitani naye ngakhale akuoneka bwino. Mapapo satupa nthawi yomweyo. Mwana akhoza kumasewera madzulo, n'kuyamba kupuma mothamanga, kutentha thupi, kulowa nthiti kapena kuwodzera mosadziwika bwino pakati pa usiku, nthawi imene minibasi zasiya kuyenda. N'chifukwa chake achipatala amafuna kumuyang'anira kwa maola angapo asanamubweze kunyumba. Kutsokomola kapena kutsamwa atangomwa kumene ndi chizindikiro chakuti wina walowa kale m'njira ya mpweya. Tengani botololo kuti akaone chimene wamwa, ndipo mukanene nthawi imene anamwa, ngati anasanza, ndi chilichonse chimene wapatsidwa panjira. Musabise poopa kukalipiridwa. Zomwezi n'zimenenso muyenera kuchita mwana akamwa petulo, dizilo kapena mafuta osungunulira penti, pakuti onsewa ndi a banja limodzi.

Za kasungidwe, sindikhulupirira kuti kulemba dzina pabotolo n'kokwanira, chifukwa amene amamwa palafini sadziwa kuwerenga. Palafini akhale m'chigubu chakechake chosafanana ndi cha chakumwa chilichonse, chotsekeka mwamphamvu, ndipo chipachikidwe pamwamba pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pampando. Mukatuma mwana wamkulu kukagula, mumupatse chigubu chimenecho, ndipo akabwera mulandire ndinu. M'nyumba za lendi zogundizana, mmene ana amalowa khomo lililonse ngati kwawo, nkhaniyi mukambiranenso ndi anansi a pa mdadada wonse, chifukwa botolo limene mwana wanu angalipeze mwina silili m'nyumba mwanu.